Kodi Kokonati Ndi Chakudya Chabwino?

M'misika ya m'chigwa cha Shire, monga ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi pa boma la Nsanje, mumapezeka kokonati pa nyengo zina za chaka. Ena amamutchula kuti ngole, ndipo amene anazolowerana ndi anzathu a ku Mozambique amangoti koko, potengera Chipwitikizi. Masiku ano chipatso chimenechi chikukambidwa kwambiri. Pali anthu amene akunena kuti kokonati ndi mankhwala a matenda onse, ndipo kuti mafuta ake amaposa mafuta ena aliwonse ophikira. Palinso ena amene anamva kuti kokonati amatseka mitsempha ya magazi, kotero kuti safuna ngakhale kumulawa. Mayi amene wabwera ndi mwana ku sikelo, kapena bambo amene wauzidwa kuti magazi ake akuthamanga, amasowa kuti amvere ndani.

Yankho lake ndi lakuti kokonati ndi chakudya cha mafuta. Si mankhwala ndiponso si poizoni. Ubwino wake kapena kuipa kwake kumadalira munthu amene akudya, kuchuluka kwa chimene wadya, ndiponso chakudya chimene wachisiya kuti adye kokonatiyo.

Kumene amachokera

Mtengo wa kokonati umakonda malo otentha, a mchenga, ndiponso a mvula yochuluka, yokwana mamilimita 1,500 kapena kuposerapo pa chaka. Kutentha kulipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma mvula ya pansi pa chigwa nthawi zambiri sifika ngakhale mamilimita 1,000. N'chifukwa chake mitengoyi ndi yowerengeka, ndipo migwalangwa ndi mivumo ndiyo ikuoneka kwambiri. Kwawo kwenikweni kwa kokonati m'dera lino la Africa ndi m'mphepete mwa nyanja ya mchere, makamaka m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kufupi ndi mzinda wa Quelimane, kumene makampani monga Madal ndi Boror anali ndi minda yaikulu zedi pa nthawi ya Apwitikizi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 nthenda yochititsa masamba chikasu inapha mitengo yochuluka kumeneko.

Anthu a ku Zambezia amaphikira kokonati pafupifupi chilichonse: mpunga, nsomba, nkhuku ndi chigwada. Chakudya chawo chotchedwa mucapata ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza ndi kokonati. Maphikidwe otere si achilendo m'chigwa cha Shire, pakuti Asena a mbali zonse ziwiri za malire ndi pachibale, ndiponso pakati pa 1986 ndi 1994 boma la Nsanje linasunga anthu ochuluka othawa nkhondo ya ku Mozambique.

Zimene zili m'kati mwake

M'kokonati muli zinthu zinayi zimene anthu amagwiritsa ntchito, ndipo chisokonezo chachikulu chimabwera chifukwa chozitenga ngati chinthu chimodzi. Choyamba ndi madzi, amene amachuluka m'kokonati wanthete wobiriwira. Chachiwiri ndi mnofu woyera wa kokonati wokhwima. Chachitatu ndi msuzi woyera umene umatuluka mayi akapala mnofu uja, n'kuthirako madzi ndi kufinya. Umenewu ndi umene umatchedwa mkaka wa kokonati. Chachinayi ndi mafuta, amene amayengedwa kuchokera ku mnofu wouma kapena ku mkaka uja.

Pa magalamu 100 alionse a mnofu wokhwima, magalamu pafupifupi 33 ndi mafuta, magalamu 9 ndi gaga wothandiza m'mimba, ndipo zomanga thupi ndi magalamu 3 okha. Mphamvu yake ndi makalori pafupifupi 350, kuwirikiza katatu kapena kanayi mphamvu ya mbatata yophika ya muyeso womwewo. Muli ayironi pang'ono, koma mulibe vitamini A, ndipo vitamini C ndi wochepa kwambiri.

Kale ku sikelo amayi ankaphunzitsidwa magulu atatu a zakudya. Tsopano Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ngakhale kokonati amabala pa mtengo ngati chipatso, ntchito yake m'thupi ndi ya gulu la zamafuta. Mwana amene wadya kokonati sanadye chipatso m'njira imene akanadyera mango, papaya, masau kapena malambe. Wadya mafuta.

Kokonati sangalowe m'malo mwa mtedza

Pano ndi pamene pali ngozi yaikulu kwa mabanja a m'midzi, ngakhale kuti anthu saitchula kawirikawiri. Ndiwo zotendera kokonati ndi zotendera nsinjiro zimaoneka zofanana mu mphika: zonse ndi zoyera, zonona ndi zokoma. Koma m'thupi n'zosiyana kutali. Magalamu 100 a mtedza ali ndi zomanga thupi zokwana magalamu 25, pamene kokonati ali ndi 3. Mtedza ulinso ndi vitamini wotchedwa niyasini wochuluka kuposa kokonati maulendo makumi awiri.

Kufunika kwa niyasini kunaoneka poyera m'Chigawo cha Kumwera m'chaka cha 1990. Anthu othawa nkhondo ankalandira ufa wa chimanga, nyemba, mafuta ndi mtedza. Mtedza utasowa pa chakudya chogawidwacho kwa miyezi ingapo, anthu oposa 17,000 anadwala nthenda ya pelagra. Nthendayi imadetsa ndi kusenda khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa, monga m'khosi ndi m'manja, imatsegula m'mimba, ndipo ikakula imasokoneza mutu. Imagwira anthu odalira chimanga popanda zakudya zina zokwanira, chifukwa niyasini wa m'chimanga thupi limalephera kumutenga bwino. Mafuta ophikira analipo, koma sanateteze munthu. Kokonati akanakhalapo, nayenso sakanathandiza.

Tsono banja limene lagulitsa mtedza wake wonse, kapena nandolo ndi khobwe, n'kumati ndiwo lizitendera kokonati, ladzimana chinthu chachikulu. Amayi a ku Mozambique pophika chigwada chija amachitchula matapa amathira zonse ziwiri, nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, ndipo nthawi zambiri amaonjezamo nkhanu kapena tinsomba. Maphikidwe amenewo ndi anzeru, ndipo ndi oyenera kutengera.

Kwa mwana wochepa thupi

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. M'chigwa cha Shire vutoli limakulitsidwa ndi chilala ndi madzi osefukira, monga anachitira m'chaka cha 2015, mu 2019, mu 2022 pa namondwe Ana, ndi mu 2023 pa namondwe Freddy. Pa nyengo zotere mabanja ena amafika podya nyika za m'madambo.

Mimba ya mwana wa miyezi isanu ndi itatu ndi yaing'ono. Phala la ufa woyera, la mapira kapena la mchewere lophikidwa ndi madzi okha limadzaza mimbayo msanga, koma mphamvu yake ndi yochepa. Mwana amaoneka wokhuta pamene thupi lake silinalandire zokwanira. Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu yoposa kawiri mphamvu ya galamu imodzi ya ufa, ndipo mafuta amafewetsa phala lolimba kuti mwana athe kumeza popanda kulisungunula ndi madzi. Pa chifukwa chimenechi alangizi a zaumoyo amati m'phala la mwana muzithiridwa kasupuni ka mafuta. Pakhomo pamene palibe ndalama ya mafuta a m'botolo, koma pali kokonati, supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka wake wokandapala, wothiridwa phala likadali pa moto kuti uwire nawo, zimagwira ntchito yomweyo. Nsinjiro, ufa wa nsomba zouma, dzira kapena nyemba zosenda ziyenera kukhalamo ndithu, pakuti ndizo zimamanga thupi.

Ubwino wina ndi wa maso ndi chitetezo cha thupi. Vitamini A amene amachokera ku masamba obiriwira monga nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi sangowa, komanso ku maungu ndi mbatata yofiira m'kati, amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Ndiwo zamasamba zowiritsa ndi mchere wokha zimataya gawo la ubwino wake. Kokonati alibe vitamini A, koma amathandiza thupi kutenga amene ali m'masambawo. Pa nkhani imeneyi mafuta a m'botolo ovomerezeka amamuposa, chifukwa malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira ogulitsidwa azithiridwa vitamini A.

Dzina lakuti mkaka wa kokonati lasocheretsa anthu ambiri. Msuzi umenewu si mkaka. Zomanga thupi zake ndi zochepa, ndipo kashiyamu wolimbitsa mafupa ndi wochepa maulendo asanu ndi awiri poyerekeza ndi mkaka wa ng'ombe. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi liyenera kuyamwa bere lokha basi, osapatsidwa madzi a kokonati, mkaka wake, ngakhale madzi akumwa. Mayi akamwalira kapena akadwala kwambiri, achibale asayese kulera khandalo ndi mkaka wa kokonati. Apite nalo kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire uphungu. Chimodzimodzinso mwana amene watupa mapazi, kapena amene lamba woyezera mkono wafika pofiira, wapitirira msinkhu wothandizidwa ndi phala la pakhomo. Ameneyo afunika chiponde cha kuchipatala, chimene chimapangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini pa muyeso wake. Zidutswa zolimba za mnofu wa kokonati zisaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka zitatu kapena zinayi, chifukwa zingathe kumutsamwa.

Kwa akulu a vuto la mtima, magazi ndi shuga

Nkhani imatembenuka ikafika kwa akuluakulu. Mafuta odyedwa ali m'mitundu iwiri ikuluikulu. Ena ndi oundana, monga a nyama ya ng'ombe ndi batala, amene amalimba kukazizira. Ena ndi osaundana, monga a mtedza, a mpendadzuwa, a soya ndi a chitowe. Mafuta oundana akachuluka m'zakudya amakweza kolesitolo woipa m'magazi. Kolesitolo ameneyu amakanirira m'kati mwa mitsempha pang'onopang'ono, monga momwe matope amachepetsera ngalande ya m'munda wothirira, mpaka magazi kulephera kufika bwino ku mtima kapena ku ubongo. Mapeto ake ndi nthenda ya mtima kapena kufa ziwalo.

Mafuta a kokonati, ngakhale amachokera ku mtengo, ali m'gulu la oundana. Pa magawo 100 alionse, magawo oposa 80 ndi oundana, kuposa ngakhale batala, pamene mafuta a mtedza ali ndi magawo osakwana 20. Munthu wa ku Ngabu sangazindikire msanga zimenezi, chifukwa mafuta a kokonati amalimba pokhapokha kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24, ndipo m'chigwa muno botolo limakhala la madzimadzi pafupifupi chaka chonse. Atalitenga botolo lomwelo kukwera nalo ku Thyolo m'mwezi wa June, angalipeze litagwirana ngati kandulo.

Akatswiri anayesa nkhaniyi pa anthu. M'chaka cha 2017 bungwe la madokotala a mtima ku America, la American Heart Association, linalangiza anthu kuti asamadalire mafuta a kokonati pophika. M'chaka cha 2020 magazini ya madokotala yotchedwa Circulation inasonkhanitsa zotsatira za mayeso 16, ndipo zinaonetsa kuti mafuta a kokonati amakweza kolesitolo woipa poyerekeza ndi mafuta osaundana a mbewu zina. Amakwezanso kolesitolo wina amene amatchedwa wabwino, ndipo ogulitsa amakonda kutchula mbali yokhayo, koma palibe umboni wakuti kukwera kumeneko kumafafaniza kuipa kwa winayo. Mayeso omwewo sanaonetse kuti mafutawa amachepetsa thupi kapena kutsitsa shuga.

Otsutsa amakonda kutchula anthu a pa zilumba za m'nyanja ya Pacific. N'zoona kuti m'chaka cha 1981 dokotala wa ku New Zealand, Ian Prior, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa zilumba za Tokelau ndi Pukapuka. Ku Tokelau mphamvu yoposa theka ya chakudya cha anthu inkachokera ku kokonati, komabe nthenda ya mtima inali yosowa. Koma anthu amenewo ankadya kokonati wathunthu ndi gaga wake, pamodzi ndi nsomba zambiri za m'nyanja ndi zakudya za mizu. Shuga ndi zakudya za m'sitolo zinali zochepa, ndipo ankagwira ntchito ya thukuta tsiku ndi tsiku. Ndiponso anthu a ku Tokelau, amene ankadya kokonati wambiri, anali ndi kolesitolo wokwera kuposa a ku Pukapuka amene ankadya wochepa. Msodzi wa ku Elephant Marsh amene amapalasa bwato tsiku lonse n'kudya makakana kapena mlamba wophikira kokonati akufanana pang'ono ndi anthu a pa zilumba aja. Munthu wokhala pa mpando m'golosale, wonenepa, wokonda mandasi, zokazinga ndi zakumwa zotsekemera, sakufanana nawo m'pang'ono pomwe.

Matenda amenewa asayesedwe a m'tauni mokha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Vutoli linapezeka m'midzi monga momwe linapezekera m'mizinda. Kokonati payekha sachititsa magazi kuthamanga. Mchere wambiri, kunenepa, mowa ndi fodya ndizo zimatero. Koma munthu amene mitsempha yake ikupanikizika kale ndi kuthamanga kwa magazi kapena shuga sayenera kuisenzetsanso katundu wa mafuta oundana.

Muyeso wake ungathe kuwerengedwa. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2023, linati mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yonse imene munthu amadya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu wodya makalori 2,000, zimenezi ndi magalamu pafupifupi 22. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta a kokonati ili ndi magalamu pafupifupi 12 a mafuta oundana, motero masupuni awiri adutsa kale malire a tsiku lonse. Kokonati mmodzi wamkulu bwino amakhala ndi mnofu wa magalamu 300 mpaka 400, ndipo munthu amene watafuna gawo limodzi mwa magawo anayi a kokonati wotere wafika pa malire aja kapena kuwadutsa. Koma kokonati yemweyo akafinyidwira mu mphika wa mpunga kapena wa nsomba wodya anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, kamodzi kapena kawiri pa sabata, gawo la munthu aliyense ndi laling'ono, ndipo banja la thanzi lisachite mantha. Wodwala mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi angathe kulawa nawo pa mphika wa banja mwa apo ndi apo, koma mafuta ake a tsiku ndi tsiku akhale a mtedza, a mpendadzuwa kapena a soya, ndiponso ochepa. Chimene sayenera kuchita n'kumwa mafuta a kokonati pa supuni m'mawa uliwonse monga ena akulangizira. Maswiti a kokonati wokazinga ndi shuga ndi oipa kawiri kwa wodwala shuga.

Madzi a kokonati ndi kutsegula m'mimba

Madzi a m'kokonati wanthete, amene ku Mozambique amamutchula lanho, alibe mafuta. Ndi madzi okhala ndi shuga pang'ono ndi mchere wa potaziyamu wochuluka. Kokonati akakhala wosasweka, madziwo ndi aukhondo, ndipo pa dzuwa la mwezi wa October ndi chakumwa chabwino kuposa zakumwa za m'mabotolo.

Chikhulupiriro chakuti madziwa ndi ofanana ndi madzi a m'magazi, kotero kuti angalowe m'malo mwa Thanzi ORS, n'cholakwa, ndipo m'dera la kolera chingaphetse munthu. Wotsegula m'mimba amataya madzi pamodzi ndi mchere wa sodiyamu, umene uli mu mchere wa pa ndiwo. Thanzi anapangidwa pa muyeso wakuti mchere umenewu ndi shuga zilowe pamodzi m'matumbo ndi kukoka madzi kubwerera m'thupi. M'madzi a kokonati sodiyamu ndi wochepa, potaziyamu ndi wochuluka, ndipo muyeso wake umasintha malinga ndi kukhwima kwa chipatso. Bungwe la WHO limawerengera madzi a kokonati wanthete pakati pa zakumwa zoyenera kupatsa wotsegula m'mimba pakhomo, pamodzi ndi madzi aukhondo ndi madzi a mpunga, koma m'gulu la zakumwa zopanda mchere wokwanira. Tanthauzo lake ndi lakuti mwana woposa miyezi isanu ndi umodzi angathe kumwa madziwa pa njira yopita kuchipatala, kapena moonjezera pa Thanzi, osati m'malo mwake. Paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, osati m'madzi a kokonati. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo amwe mapiritsi a zinki masiku onse amene a chipatala anena.

Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa March 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 unagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo Nsanje linali limodzi mwa maboma oyamba kukhudzidwa. Kolera amatha kuumitsa munthu wamkulu m'maola ochepa. Munthu akayamba kutsegula madzi oyera ngati otsukira mpunga, achibale asataye nthawi kufunafuna wokwera mu mtengo. Ayambe kumumwetsa Thanzi ndi kunyamuka naye nthawi yomweyo.

Potaziyamu wochuluka uja ndi woopsa kwa odwala impso, chifukwa impso zofooka zimalephera kumutulutsa, ndipo akadzadza m'magazi amasokoneza kugunda kwa mtima. Wodwala impso apewe madzi a kokonati. Amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapril kapena spironolactone, amene amasunga potaziyamu m'thupi, afunse kaye kwa dokotala asanazolowere kumwa madziwa tsiku ndi tsiku.

Ukhondo pokonza

Kokonati akasweka amaonongeka msanga, makamaka pa kutentha kwa m'chigwa. Pogula, munthu amugwedeze pafupi ndi khutu: wabwino amalemera ndipo madzi amamveka m'kati. Wopepuka, wong'aluka, wonyowa kapena wa nkhungu pa maso ake atatu aja asiyidwe. Akaswedwa, mnofu ukhale woyera ndi wa fungo labwino. Wachikasu, woterera, wowawasa kapena wonunkha ngati sopo ndi wotayidwa, ndipo kudula mbali yowola n'kudya yotsalayo sikuchotsa ngozi. Mnofu woyanikidwa pa malo a chinyontho umagwidwa ndi chuku, yemwe uja amagwira mtedza ndi chimanga, amene poizoni wake amaononga chiwindi.

Mkaka wa kokonati umafinyidwa ndi manja ndi madzi, ndipo ukhondo wake ndi wa manjawo ndi madziwo. M'chaka cha 1991 anthu angapo ku Maryland, m'dziko la America, anadwala kolera atadya chakudya chothiridwa mkaka wa kokonati wochokera ku Thailand umene sunawiritsidwe mokwanira. Tsono mayi asambe m'manja ndi sopo, atsuke chopalira ndi kansalu kosefera, agwiritse ntchito madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo mkakawo uwire mu mphika. Ufinyidwe pa nthawi yophika, osati m'mawa kuti udikire madzulo. Mpunga kapena ndiwo za kokonati zimasasa msanga kuposa zina, ndipo siziyenera kugona kuti mwana adye mkute m'mawa.

Zotsala pofinya, zikadali zatsopano, zingathe kuthiridwa m'chigumu kapena kupatsidwa kwa nkhuku. Zisasungidwe zonyowa kuti zivunde. Ku Java, m'dziko la Indonesia, chakudya china chopangidwa ndi zotsala za kokonati zovunditsa chinapha anthu ambiri kwa zaka zochuluka mpaka boma linachiletsa mu 1988. Poizoni wake amapangidwa ndi kachirombo kamene kamakula mu chakudya chonyowa chosungidwa pa malo ofunda, ndipo satha ndi kuphika. Poizoni yemweyo ndi amene anapezeka mu mowa wa pombe umene unapha anthu 75 pa maliro ku Chitima, m'chigawo cha Tete, mu January 2015. Kumeneko kachiromboko kanakulira mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi kuvunda.

Za amene amagulitsa mafutawa ngati mankhwala

M'misika, m'mabasi ndi pa mafoni mukuyenda mauthenga akuti mafuta a kokonati amachiza Edzi, khansa, shuga ndi kuiwalaiwala kwa okalamba. Palibe mayeso a pa anthu amene anatsimikiza chimodzi mwa zimenezi. Zina mwa nkhanizi zinayambira pa zimene akatswiri anaona m'mbale zoyesera, kumene gawo lina la mafutawa limaononga tizirombo tina. Koma mbale yoyesera si thupi la munthu. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asaleke ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha botolo la mafuta. Wodwala amene waonda ndipo akufuna kubweza thupi angathe kudya kokonati monga chakudya chopatsa mphamvu, pamodzi ndi nsomba, nyemba ndi masamba, mankhwala ake akumwa monga mwa masiku onse.

Pa khungu mafuta a kokonati ndi abwino: amafewetsa khungu louma ndi mapazi ong'aluka, ndipo kumeneko nkhani ya kolesitolo siikhudza. Asapakidwe pa bala la moto kapena pa mchombo wa khanda, asathiridwe m'khutu lotuluka mafinya, ndipo asakhudzane ndi kondomu, chifukwa mafuta alionse amafooketsa mphira wake mpaka kung'ambika.

Munthu amene akukayika za gulu limene iye ali, kaya ndi la ofunika kuonjezera mafuta kapena la ofunika kuchepetsa, angathe kuyezetsa kulemera kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Zipatala za boma ku Chikwawa, ku Ngabu ndi ku Nsanje, komanso za mishoni monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, zimayezanso shuga wa m'magazi. Kwa ana, mzere wa m'buku la sikelo ndi umene umasonyeza ngati phala la pakhomo likukwanira, ndipo bukulo liyenera kubwera ku sikelo mwezi uliwonse mpaka mwana atakwanitsa zaka zisanu.